Amuna a Mzere wa Kumbuyo

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Wometa anaima m'kwaya ya tchalitchi chawo, mzere wa kumbuyo, wachiwiri kuchokera pazenera, ndipo pa zaka zonsezo sanatulutsepo liwu ngakhale limodzi.

Sikuti anali waulesi. Lachiwiri ndi Lachinayi ankatseka kanyumba kake kometera nthawi isanakwane, n'kukhala woyamba kufika ku pulakatisi. Mkanjo wa kwaya ankasita yekha. Nyimbo zonse ankazidziwa pamtima, popumira pake, pokwezera nsidze pake. Kungoti tsiku limene analowa kwaya, akadali mnyamata wa ndevu zowerengeka, malemu a Kwayamasitala anamumvetsera ndime imodzi yokha, kenako anamukokera kuseri kwa limba.

"Mwana wanga," anatero malemuwo, dzanja lili paphewa pake, "Mulungu amagawa mphatso mosiyanasiyana. Iwe anakupatsa msinkhu ndi nkhope. Mzere wa besi ukufuna munthu wamtali. Uzingotsegula pakamwa. Zimenezi zikhale pakati pa iwe ndi ine."

Mawuwo anamuwawa sabata imodzi, kenako anazolowera, ndipo luso lotsegula pakamwa analikulitsa mpaka linafika pena. Ankatukumula mitsempha ya m'khosi, kunjenjemeretsa chibwano pa mawu aatali, kutsinzina pa nyimbo za maliro. Amayi obwera kudzametetsa ana awo ankamuuza kuti, "Lamulungu lapitali munatiliza, bambo." Iye ankangoti, "Ulemu upite kumwamba," n'kuyatsa makina ometera. Wina wodziwa chinsinsicho anali mkazi wake yekha, amene chaka choyamba cha ukwati anamumva akuimba m'bafa n'kuthyola chitseko poganiza kuti mwamuna wake wagwa.

Mzere wa besi unali ndi amuna asanu: Wometa, Telala, Kalipentala, Sajeni amene anapuma ntchito ya upolisi, ndi pakati pawo Mgolo, woyendetsa lole. Dzina lakuti Mgolo linachokera ku mawu ake. Akaimba, magalasi a mazenera ankanjenjemera, makanda n'kusiya bere. Wometa ankadzitonthoza mumtima kuti pa mkokomo wa amuna anayi ngati umenewu, ndani angadziwe kuti wachisanu ali chete.

Malemuwo atatisiya, kwaya inatengedwa ndi Aphunzitsi, mayi wachitsikana wophunzitsa nyimbo pa sekondale. Dandaulo lawo pa miyezi iwiri yoyamba linali limodzi, lakuti besi ikuphimba ena onse.

"Abambo a kumbuyo, chepetsani pang'ono, nonse asanu," ankatero.

Wometa ankamvera. Ankatseka pakamwa theka.

Chaka chimenecho limba la m'tchalitchi, la mipope yaitali ndi mabatani a kumapazi, linakonzedwa litatha zaka zitatu likulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Abusa analengeza konsati ya Loweruka masana: choyamba limba palokha, kenako kwaya. Makalata anapita ku mipingo yonse yoyandikana nayo. Woliza limba anali mlamu wake wa Wometa, mchimwene wa mkazi wake, munthu wokonza mawotchi amene ankaliza atavula nsapato, ponena kuti phazi nalonso liyenera kumva.

Lachiwiri la sabata ya konsatiyo Mgolo anafika ku pulakatisi atakulunga mpango m'khosi. Lamulungu masana anali atapita kukaonera mpira, n'kukangana ndi woimba wenzulo kuchokera pa mpando wa oonera kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Anapereka kapepala kwa Aphunzitsi, iwo n'kuwerenga mokweza.

"Mawu atha. Adokotala akuti ndisayankhule masiku khumi. Koma ija sinali penate."

Aphunzitsi anapinda kapepalako. "Pepani, a Mgolo. Khalani pa benchi yakutsogoloyo muzimvetsera. Tikadali ndi abambo anayi."

Wometa anadzilimbitsa mtima. Atatu akwanira, anatero mumtima.

Nyimbo yaikulu ya konsatiyo inali ndi malo pamene amayi, atena ndi limba amakhala chete, besi n'kulowa yokha ndi mawu akuti "Imvani liwu lathu." Anayamba bwinobwino. Amayi anakwera, atena anatsatira, limba linadula. Aphunzitsi anatembenukira ku mzere wa kumbuyo n'kutsitsa dzanja. Wometa anakoka mpweya, anatukumula khosi, anatsegula pakamwa.

M'tchalitchi munati zii. Wotchi ya pakhoma inamveka. Padenga njiwa inayenda masitepe atatu n'kuima.

Wometa anaponya diso kumanja. Telala anali atatsinzina, dzanja lili pamtima, kukamwa kuli yasa. Pambali pake Sajeni anali atatulutsa chifuwa, mitsempha ya m'khosi ili njo, mutu ukuvomereza pang'onopang'ono. Kalipentala ankagwedeza chibwano mwaluso loti Wometa analisirira ngakhale pa nthawi ngati imeneyo.

"Mwina sindinapereke chizindikiro bwino," anatero Aphunzitsi. "Tiyambirenso."

Anayambiranso. Ulendo uno njiwa sinayende n'komwe.

Aphunzitsi anavula magalasi, kuwapukuta ndi mkono wa bulauzi, n'kuwavalanso. "A Telala, kodi mukudwala?"

Telala anayang'ana nsapato zake. "Sindikudwala, Aphunzitsi. Kungoti malemu ananditengera kuseri kwa limba. Anati Mulungu amagawa mphatso mosiyanasiyana."

"Inenso kuseri kwa limba," anatero Sajeni, akuyang'ana kutsogolo ngati ali pa perete. "Anati ndili ndi chifuwa cha besi, ndisachiwononge ndi kuimba."

"Ine sanadikire n'komwe kuti tifike kuseri kwa limbako," anatero Kalipentala.

Maso onse anafika pa Wometa. Iye anangogwedeza mutu. Chodabwitsa n'chakuti chimene chinkamuwotcha mumtima si manyazi ayi, koma nsanje. Zaka zonsezi ankayesa kuti chinsinsi chija chinali cha iye ndi malemu, awiriwiri, koma apa zinaoneka kuti kuseri kwa limba kunali ngati pokwerera basi.

Mkazi wa Telala, amene ankaimba alto, anatembenuka manja ali m'chiuno. "Ndiye mazira aawisi mumamwa Loweruka lililonse aja ndi a chiyani, abambo?"

Amayi anafa nacho chikhakhali. Pa benchi yakutsogolo Mgolo ankalemba ndi ukali, cholembera chikuboola pepala. Anaimika pepalalo kuti onse aone: "Ndiye zaka zonsezi ndimasenza denga ndekha?" Analembanso lina: "N'chifukwa chake ndimatopa."

Aphunzitsi anabalalitsa kwaya yonse n'kutsala ndi amuna anayiwo ndi woliza limba. Mlamu wake wa Wometa anapereka nzeru yoti adzangoponda mabatani a kumapazi mwamphamvu, anthu adzayesa ndi amuna.

"Limba silitchula mawu," anayankha Aphunzitsi. "Ndipo pa pulogalamu tasindikiza kale. A Wometa, bwerani pano. Imbani chilichonse."

"Aphunzitsi, muli zithunzi za oyera mtima muno."

"Zamva zambiri. Imbani."

Wometa anagwira m'mphepete mwa limba, anatsinzina, n'kutulutsa chimene chinali m'khosi mwake. Chinatuluka ngati chitseko cha galaja chimene sichinatsegulidwe zaka zambiri, kenako chinakhazikika n'kumangopita, chowongoka, chosakwera, chosatsika. Mlamu wake anayendetsa chala pa mabatani, kufunafuna, mpaka anaima pamodzi.

"Iyi. Ndi noti ya so, alamu."

"Kwezani," anatero Aphunzitsi. Wometa anakweza nsidze, anakweza mapewa, anaima pa zala. Liwu linakhala pomwepo.

"Tsitsani." Anapinda mawondo. Liwu silinasunthe.

Kenako Aphunzitsi anati, "Muli ndi noti imodzi, bambo. Koma ndi yolunjika ngati chingwe cha mmisiri. Munaipeza kuti?"

Wometa anaganiza, n'kuzindikira kuti ndi kulira kwa makina ake ometera. Tsiku lililonse kuyambira m'mawa ankang'ung'udza nawo limodzi osadziwa.

Telala anapezeka ndi do, yaing'ono ndi yamanyazi, koma do ndithu. Sajeni anali ndi fa, kungoti inkatuluka ngati lamulo, moti Aphunzitsi anadzidzimuka n'kuongoka. Kalipentala ndiye anavuta. Woliza limba anayenda limba lonse kuchokera kumanzere mpaka kumanja, anayesa ndi mapazi omwe, kenako analoza kampata ka pakati pa mabatani awiri.

"Yanu ili apa, achimwene. Opanga limba sanaiganizire."

Kalipentala anapatsidwa ntchito yotsegulira woliza limba masamba a buku.

Lachitatu Aphunzitsi analembanso gawo lonse la besi kuti likhale la manoti atatu okha. Lamulo linali losavuta. Dzanja lawo lamanja ndi la kwaya yonse, lamanzere ndi la amuna atatuwo. Chala chikakuloza, yamba. Usasiye mpaka chitachoka pa iwe. Mawu nawo anagawidwa ngati nyama ya pa msonkhano: pa "Imvani", Telala anatenga "I", Wometa "mva", Sajeni "ni".

Masiku atatu amenewo Wometa sanapume. Ankayatsa makina, kugwira noti yake, kuwazimitsa, n'kuona ngati notiyo yatsala. Makasitomala ankatuluka atametedwa bwino koma akutokosa m'makutu. Kunyumba ankayeserera m'khitchini, pakhonde, m'bafa.

Lachisanu madzulo mkazi wake anamupeza akusita mkanjo, noti ili pakamwa.

"Abambo, aneba akufunsa ngati tagula jenereta."

Wometa anaimika simbi. "Ndikuopa, mayi. Kutsegula pakamwa sindinalakwitsepo. Izi ndikhoza kulakwitsa."

"Zaka zonsezi ndimabwera kutchalitchi kudzaona mano anu," anatero mkaziyo, akumulanda simbi chifukwa kolala inayamba kununkha. "Ndi mano abwino, sindikana. Koma mawa ndimveko china."

Loweruka tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'makomo. Kutsogolo kunali maluwa m'mabotolo aakulu. Kwaya ya mpingo wina inakhala mabenchi awiri, onse nsapato zofanana, nkhope za anthu obwera kudzaweruza. Mgolo anakhala pa benchi yoyamba ndi mpango wake, mapepala ndi cholembera zili pabondo.

Gawo loyamba linali la limba. Woliza anavula nsapato, kuziika mwaulemu pambali, n'kunong'oneza Kalipentala kuti, "Ndikagwedeza mutu, tsegulani tsamba." Chimene anaiwala n'chakuti iye poliza limba amagwedeza mutu kuyambira noti yoyamba mpaka yomaliza. Kalipentala, munthu womvera, ananyowetsa chala n'kuyamba ntchito. Woliza ali pakati pa tsamba loyamba, buku linali pa lachinayi. Anapukusa mutu mwamphamvu kuti aleke, Kalipentala n'kutsegula awiri nthawi imodzi. Pasanathe mphindi imodzi anafika kumapeto, anatseka bukulo, n'kuima manja kumbuyo ngati munthu wamaliza ntchito tsiku lisanathe.

Woliza limba anatsala ndi chikuto. Anaimba zimene ankakumbukira, pamene waiwala ankabwerera pachiyambi, pena ankangoponda ndi mapazi onse awiri kuti apeze nthawi yoganiza. Nyimbo ya mphindi zisanu inatha khumi ndi ziwiri. Itatha anthu anaomba m'manja kwambiri, ndipo Abusa anafotokoza kuti nyimbo za akatswiri akale zimakhala choncho, zimabwerezabwereza kuti uthenga ulowe.

Kenako kwaya inakwera. Wometa anaima pamalo pake. Nyimbo ziwiri zoyamba zinadutsa, limba likuwaphimba. Yachitatu inali ija. Amayi anakwera, atena anatsatira, limba linadula. Chala chamanzere cha Aphunzitsi chinanyamuka.

"I," anatero Telala.

Chala chinafika pa Wometa. "Mva."

"Ni," analamula Sajeni, ndipo gogo wina amene anayamba kuwodzera pa benchi yachinayi anakhala tsonga.

Linali dzanja limodzi, amuna atatu, koma mawu analumikizana. Wometa anamva liwu lake likukwera mpaka kudenga n'kubwerera, ndipo analizindikira kuti ndi lake. M'maso munayamba kumuyabwa. Anaona mkazi wake pa benchi yachitatu atagwira chikwama ndi manja awiri.

Pa ndime yomaliza njuchi inachoka m'maluwa aja n'kuyamba kuzungulira mutu wa Aphunzitsi. Poyamba anaipirira. Itafika pa khutu, anaikupiza ndi dzanja lamanzere, uku ndi uku, mofulumira. Amuna atatu aja, amene kwa masiku atatu anaphunzitsidwa kusaganiza, anatsatira dzanjalo: do, so, fa, so, do, fa, fa, so, ngati mabelu a njinga zitatu pa mphambano. Mtsogoleri wa kwaya ya nsapato zofanana anatulutsa kabuku n'kulemba kanthu.

Njuchi inasowa. Aphunzitsi anabweza dzanja m'malo mwake. Kunatsala mawu awiri kuti nyimbo ithe. Analoza Wometa, ndipo nthawi yomweyo njuchi inabwerera n'kutera pa nsonga ya chala chomwecho.

Aphunzitsi anauma. Ndi dzanja lamanja anatsogolera kwaya ku noti yomaliza, anaitseka, limba linaleka. Koma lamanzere silinasunthe. Linangoti nji, kuloza Wometa, njuchi ikupukuta mapazi pamwamba pake.

Wometa anali atauzidwa kuti asasiye mpaka chala chichoke. Njuchiyo sankaiona. Ankangoona chala. Anapitiriza yekha, m'tchalitchi chodzaza anthu, so wake wowongoka.

Poyamba zinkakoma. Anthu ankayesa ndi mmene nyimboyo imathera. Kenako mpweya unayamba kuchepa. Anafinya m'mimba, anafinya nthiti, anapeza wina wotsala kumsana. Telala anayamba kuwerenga chapansipansi, "makumi awiri ndi zisanu, makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi." Sajeni, osatembenuza mutu, anamunong'oneza kuti, "Limbani, lamulo silinasinthe." Pa benchi yoyamba Mgolo anaimika pepala lolembedwa zilembo zazikulu kuti "SIYANI", koma m'maso mwa Wometa munali misozi ndi timadontho takuda touluka, moti anayesa kuti akumuyamikira. Makutu anayamba kulira noti yomweyo. Anaganiza za kanyumba kake kometera, kuti adzakasiyira ndani.

Pamenepo mkazi wake anaimirira pa benchi yachitatu. Sanakuwe. Anayankhula ndi liwu limene amamuitanira ku tebulo.

"Abambo, pumani."

Wometa anasiya. Mpweya unalowa ndi phokoso ngati sinki yotsekuka, mawondo anapinda, n'kukhala pansi pa sitepe, mkanjo utamukuta. Anthu anaimirira onse n'kuomba m'manja, ndipo phokosolo ndi limene linathamangitsa njuchi. Aphunzitsi anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, analiyang'ana mbali zonse, kenako anawerama kulandira ulemu ngati zonse zinali pa pepala.

Panja, pa masitepe a tchalitchi, Wometa anakhala ndi kapu ya madzi, mkazi wake akumukupiza ndi pulogalamu. Mtsogoleri wa kwaya ya nsapato zofanana anabwera ndi kabuku kake kudzafunsa kuti mpweya woterewu amausunga bwanji.

"Ndinausunga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi," anayankha Wometa. Munthuyo analemba.

Woliza limba anadutsa nsapato zili m'manja, akufunafuna Kalipentala, amene anthu ena anamuona akulowera njira ya kumsika mofulumira. Aphunzitsi anafika pomaliza. Anaima pamaso pa Wometa, akusisita chala.

"Lachiwiri mubwere msanga," anatero. "Tiyamba noti yachiwiri."

"Ilipo ina, Aphunzitsi?"

"Zilipo zisanu ndi ziwiri. Musachite mantha, sitithamanga."

Mgolo anachira patatha masiku khumi. Mawu ake oyamba ku pulakatisi anali oti popeza tsopano kuli anthu ena, iye azipuma Lamulungu limodzi pamwezi. Lamulungu loyamba lopumalo anakhala pansi pakati pa mpingo, pambali pa mkazi wake, amene anati kuyambira tsiku la ukwati anali asanakhalepo naye benchi imodzi. Anayesa kumvetsera mwakachetechete, koma pa nyimbo yachiwiri anaiwala n'kulowa, ndipo anthu a mabenchi atatu a kutsogolo kwake anasamuka.

Noti yachiwiri inamutengera Wometa miyezi inayi. Inabwera Lachinayi lina popanda chenjezo, pakati pa nyimbo, yoyera bwino. Tsoka lake inali do, ya Telala. Telala anati munthu sungalowe m'munda wa mnzako chonchi osapempha, pamene manoti ena anayi angokhala opanda mwini. Awiriwa sanayankhulane sabata ziwiri, ndipo Telala anakametetsa kwina, kumene anamudula khutu pang'ono.